Mwana akufuna kukhala wofufuza za ndalama, banki ikumuitana ntchito: tizitani?

Tsibweni wa pa Ngabu: Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya pabanja, mundithandize maganizo. Mwana wa achemwali anga wamaliza digiri ya zachuma ku Zomba, ndipo wakhoza moti aphunzitsi ake sakufuna kumutaya. Banki ina ku Blantyre yamuitana ntchito. Ife kuno tinayamba kale nthungululu. Iye akuti ayi, akufuna Masters, kenako PhD, adzakhale wofufuza za kayendetsedwe ka ndalama ndi za kugwa kwa mabanki. Fizi yake ndalipira ndi ng'ombe, khola lapepuka, ang'ono ake akadali kusekondale. Kodi ntchito ya kafukufukuyi imadyetsa? Nanga munthu wofufuza za ndalama amatani kwenikweni kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa? Mwanayo ali pagulu pompano, ndamuuza kuti ayambe wamvera akulu.

Wa Kabaza pa Marka: Atsibweni, ofufuza za ndalama tili nawo kale kuno kuboda. Mnyamata wosintha metikali pansi pa mtengo amadziwa kuti kwacha igwa Reserve Bank isanalengeze, koma ku Zomba sanapondeko kkkkk

Mlamu wa ku Joni: Alowe ntchito basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ndipo ndifunse mosapsatira, akatswiri a zachumawa atipindulira chiyani pa Malawi? Bingu anali katswiri wa zachuma, anayendetsapo COMESA, koma 2011 tinkagona pamzere wa mafuta ndi zigubu. A Goodall Gondwe anakhala zaka ku IMF mpaka kutsogolera nthambi yoona za Africa. Madokotala a zachuma ndi mbwee ku Lilongwe. Nanga kwacha ili pati? Meyi 2012 inachoka pa K168 kufika K250 pa dola imodzi. Meyi 2022 anaidula ndi 25 peresenti. Novembala 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Mwana wathu akawonjezera chiyani pamenepo?

Make Tadala, Bangula: Inu alamu otumiza marandi ndiye mumamwetulira kwacha ikagwa, musatinamize pano.

Mlamu wa ku Joni: Ndimamwetulira tsiku limodzi mayi. Mawa lake simenti yakwera, malata akwera, nyumba yanga ku Tengani ikadali pawindo.

Mphunzitsi Wopuma, Chiromo: Ana inu mukuyambira 2012 ngati mavuto anabadwa chaka chimenecho. Kwacha inabwera 1971, K2 inali paundi imodzi. Mu Febuluwale 1994 anaimasula kuti msika uziipatsa mtengo, ndipo 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi 83 peresenti. Ife aphunzitsi tinkalandira malipiro pa 27, pofika pa 5 tayamba kale kulembetsa sopo ndi mchere kugolosale. Chaka chomwecho cha 1995 a Matthews Chikaonda, amene ankaphunzitsa payunivesite ku Canada, anakhala gavanala wa Reserve Bank. Ndikutchula zimenezi kuti atsibweni adziwe kuti njira yochoka m'kalasi kukafika pampando umenewo ilipo, ndipo Mmalawi anaiyendapo. Koma pano tili ndi mwana wa ku Muona amene amaphunzitsa zomwezi kunja. Alankhule yekha, tisamangoponya miyala m'madzi.

Mwana wa ku Muona: Takhuta aphunzitsi. Atsibweni, ndiyambe ndi funso lanu la m'mawa mpaka madzulo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti timakhala tikuwerenga ndalama. Ndalama sitizigwira n'komwe. Theka la sabata limathera kuphunzitsa ndi kuchonga. Theka linalo umakhala pakompyuta ndi manambala: mitengo ya zinthu mwezi ndi mwezi imene National Statistical Office ku Zomba imatulutsa, malipoti a Reserve Bank, chiwongoladzanja cha mabanki, ngongole za boma. Umafunsa funso limodzi laling'ono, mwachitsanzo, Reserve Bank ikakweza chiwongoladzanja lero, papita miyezi ingati kuti mtengo wa zinthu ku Nchalo umve? Funso limenelo likhoza kukudyera zaka ziwiri. Ukalemba umatumiza kumagazini ya akatswiri, anthu osawadziwa amawerenga, nthawi zambiri amabweza kuti konzanso, mwina kukana kumene. Ukapirira zaka zambiri umakhala pulofesa.

Za kudyetsa: zaka zoyambirira mnzake wolowa kubanki amupitirira, agula galimoto iye akadali pa minibasi. Zimenezo ndisakubisireni. Koma PhD salipira ndi ng'ombe. Amene wakhoza bwino amafunafuna sikolashipu. Ku Nairobi kuli bungwe la African Economic Research Consortium, linayamba 1988, limene limathandiza maphunziro a Masters ndi PhD a zachuma m'mayunivesite a mu Africa muno, ndipo ya ku Zomba ili m'gulumo. Akapanda kupeza thandizo lotere, ine ndemwe ndidzamuuza kuti adikire.

Tsibweni wa pa Ngabu: Zaka ziwiri funso limodzi? Ine pamsika wa ng'ombe funso la mtengo limatha tisanamalize kuzungulira ng'ombeyo.

Mwana wa ku Muona: Kkkk n'zoona atsibweni. Koma ndikuuzeni za munthu mmodzi kuti muone kumene kuchedwako kumakathera. Ben Bernanke anakulira m'katauni kakang'ono kotchedwa Dillon ku South Carolina, bambo ake anali ndi sitolo ya mankhwala. Anaphunzira ku Harvard, PhD anatengera ku MIT mu 1979, n'kuyamba kuphunzitsa ku Stanford, kenako Princeton kuyambira 1985. Chimene anasankha kufufuza anzake ena ankachiona ngati mbiri yakale: mavuto a zachuma a m'ma 1930, pamene mabanki pafupifupi 9,000 anagwa ku America pakati pa 1930 ndi 1933, ndipo munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ofuna ntchito analibe ntchito.

Akuluakulu amene anamutsogolera, Milton Friedman ndi Anna Schwartz, anali atanena kale mu 1963 kuti banki yaikulu ya dzikolo inalakwa polekerera ndalama kuchepa m'manja mwa anthu. Bernanke mu 1983, asanakwanitse zaka 30, anawonjezera mfundo ina. Anati banki ikagwa sipita ndi ndalama zokha. Imapitanso ndi zimene inkadziwa za anthu: mlimi uyu amabweza, wasitolo uyu amachedwa koma sathawa, uyu musamupatse. Kudziwa kumeneko kumatenga zaka kuti kumangidwe. Banki ina ikabwera siidziwa aliyense, ndiye imaopa kukongoza, kapena imakongoza modula. Anthu okhulupirika amasowa ngongole, minda ndi mafakitale zimaima, mavuto amatalika.

Analemba zimenezo n'kupitiriza kuphunzitsa. Mu 2006 anamuika kukhala wapampando wa Federal Reserve, banki yaikulu ya America. Pa 15 Seputembala 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers inagwa, mabanki anasiya kukongozana okhaokha, ndipo munthu amene anathera unyamata wake akuwerenga za 1930 ndi amene anali pampando. Anatsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupi ndi ziro mu Disembala chaka chomwecho, anathira ndalama zambiri m'mabanki kuti asagwe motsatizana. Ulova unafika 10 peresenti mu 2009, sunafike 25 wa 1933. Mu 2022 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Douglas Diamond ndi Philip Dybvig. Kuchoka pa pepala lija kufika tsiku limene linagwira ntchito panapita zaka 25.

Wa Kabaza pa Marka: Zaka 25! Atsibweni adzakhala akuyendera ndodo.

Make Tadala, Bangula: Achimwene a ku Muona, imani kaye. Zimene mwanenazi zoti banki imapita ndi kudziwa anthu, ine ndinaziona ndi maso anga, osati ku America. Ndinali msungichuma wa banki mkhonde yathu. Bokosi la malata, maloko atatu, makiyi kwa amayi atatu osiyana, bokosi kwa ine, buku kwa mlembi. Timagula masheya sabata iliyonse, timakongozana pa 20 peresenti pamwezi, timagawana Disembala. Ndiye mwezi wa Malichi m'bokosi simukhala kanthu kwenikweni, ndalama zimakhala kunja: wina waoda nsomba, wina mbuzi, wina wagula ufa wophikira mandasi, wina fizi.

Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 tinakakumana kukampu, tikugona m'makalasi. Tsiku lachiwiri amayi anayamba kubwera kwa ine mmodzimmodzi, ndipatseni masheya anga ana alibe chofunda. Woyamba ndinamupatsa pang'ono. Wachiwiri anamva. Pofika madzulo onse anali atandizungulira. Aliyense akunena zoona, ndalama ndi zake. Koma amene anakongolawo ndi omwewo, mbuzi zapita, nsomba zapita, mbaula ya mandasi ili pansi pa matope. Palibe amene anaba ngakhale tambala. Komabe ine ndinatchedwa wakuba mpaka kutchalitchi ndinasiya kaye kupita.

Buku mlembi analipulumutsa, analimanga m'chitenje pamutu, koma linanyowa. Tinaliyanika palata, masamba anamatana, inki yasungunuka, dzina likuoneka koma nambala yasanduka banga la buluu. Gulu linafera pomwepo. Ena anasamukira kumtunda, ena anabwerera kutsidya. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi mayi wina wamasiye amene chiyambire gulu sanaphonyepo kubweza ngakhale mwezi umodzi. Kumene anasamukirako gulu latsopano linamukana, akuti sitikukudziwani. Anakathera kwa akatapila.

Mphunzitsi Wopuma, Chiromo: Pepani mayi. Nkhani zimenezi sizinalembedwe m'lipoti lililonse. Anawerenga nyumba zogwa ndi milatho, magulu ogwa sanawerenge.

Mwana wa ku Muona: Make Tadala, mwafotokoza mphoto yonse ya Nobel ya 2022 kuposa mmene ndimafotokozera ine m'kalasi. Gawo loyamba, la amayi kukuzungulirani, ndi la Diamond ndi Dybvig, pepala lawo linatulukanso 1983. Iwo anaonetsa kuti banki iliyonse, ngakhale yoyendetsedwa moona mtima, imasunga ndalama zimene eni ake angazifune lero, n'kuzikongoza kwa anthu amene adzabweza mtsogolo. Zimayenda bwino malinga ngati onse sabwera tsiku limodzi. Akangobwera onse, kapena akangoganiza kuti anzawo abwera, imagwa, ngakhale palibe wakuba. Gawo lachiwiri, la mayi wamasiye uja, ndi la Bernanke.

Ndipo taonani izi. Sabata yomweyo imene Freddy ankalowa kwathu, ku California banki yotchedwa Silicon Valley Bank inagwa pa 10 Malichi 2023. Dzulo lake anthu anafuna kutulutsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ambiri pafoni. Lamlungu pa 12 boma lawo linalengeza kuti aliyense wosunga ndalama kumeneko alandira zonse. Mantha anachepa. Kwa inu kukampu kunalibe woimirira kumbuyo kwa bokosi lanu. America inakhazikitsa inshuwalansi ya osunga ndalama mu 1933, itapsa kale. Kwathu bungwe la inshuwalansi yotere, Deposit Insurance Corporation, labwera posachedwapa, koma limateteza osunga m'mabanki, kubanki mkhonde silifikako. Pomwe kuchigwa kuno ndalama za amayi ambiri zili m'mabokosi a maloko atatuwo.

Mlamu wa ku Joni: Nkhani ya mayi yandikhudza, koma ya Bernanke musaikometse kwambiri. Choyamba, munthu wophunzira za kugwa kwa mabanki moyo wake wonse sanaone kuti 2008 ikubwera. Mu 2007 ankauza aphungu a kwawo kuti vuto la ngongole za nyumba likuoneka kuti silifalikira. Chachiwiri, anapulumutsa mabanki ndi makampani akuluakulu, kampani ya inshuwalansi ya AIG yokha anaikongoza madola 85 biliyoni, pomwe anthu wamba mamiliyoni analandidwa nyumba. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, iye amasindikiza dola. Dziko lonse lapansi limafuna dola. Ife tikasindikiza kwacha tigula nayo mafuta kuti? Ine ndimadutsa pa Beitbridge, ndinaona ndi maso pepala la 100 thililiyoni la Zimbabwe anyamata akugulitsa kwa alendo ngati chikumbutso. Kumenekonso kunali gavanala wa mapepala ake.

Mwana wa ku Muona: Alamu, pa zitatu zonsezo sindikutsutsani, ndipo chachitatucho ndi chifukwa chake ndikufuna mwanayu apitirize. Mankhwala a Bernanke anapangidwira matenda a kwawo. Athu ndi ena. Mabanki athu sakugwa, akupanga phindu lalikulu, chifukwa wokongola wamkulu ndi boma, ndipo kukongoza boma n'kosavuta kuposa kukongoza mlimi wa thonje wa ku Miseu Folo. Vuto lathu ndi lakuti timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, ndalama zakunja zimasowa, boma limagwiritsa ntchito zoposa zimene limatolera, ndipo chimanga chikavuta chaka chimodzi mitengo yonse imanyamuka.

Onani zimene zachitika. Mu 2021 policy rate, chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imakongozera mabanki, inali 12 peresenti. Anaikweza pang'onopang'ono mpaka 26 mu Febuluwale 2024. M'mabuku, ukakweza chonchi anthu amachepetsa kukongola, amachepetsa kugula, mitengo imadekha. Koma kumayambiriro kwa 2024 kukwera kwa mitengo kunali kutadutsa 30 peresenti, ndipo chimene chinkakoka kwambiri ndi chakudya. Chiwongoladzanja sichigwetsa mvula, sichibweza msewu wa Chikwawa kupita ku Nsanje madzi akaudula. Ndiye funso ndi lakuti, chida chimenechi chimagwira mbali iti ya chuma chathu, ndipo mbali imene sichigwira tiziyendetsa ndi chiyani? Pulofesa wa ku Princeton sadzabwera kudzatiyankhira.

Mlimi wa Thonje, Miseu Folo: Mwanditchula ndiye ndilowe. Policy rate imeneyo ine ndimangoimva pawailesi. Ikhale 12, ikhale 26, wakatapila kwathu amati K10,000 ubweze K15,000 mwezi ukatha, sanasinthepo. Kubanki amafuna chikole, munda wa makolo ulibe pepala. Chimene ndimachimva m'thupi ndi kwacha ikagwa, chifukwa mankhwala opopera thonje amachokera kunja, amakwera sabata yomweyo, pomwe mtengo wogulira thonje umadikira chaka chamawa. N'chifukwa chake ambiri tathawira ku chitowe.

Mwana wa ku Muona: Zimene mwanenazi bambo ena anazifufuzapo, ndipo ndi Amalawi. Mu 1991 a Chinyamata Chipeta ndi anzawo a M.L.C. Mkandawire anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti ngongole zodutsa kunja kwa mabanki, za akatapila, za chipereganyu, za abale ndi mabwana, zinali zambiri kuposa zimene mabanki ankapereka kwa anthu ndi mabizinesi. Pambuyo pake a Harold Ngalawa, amene amaphunzitsa ku KwaZulu-Natal, analembanso za mmene zosankha za Reserve Bank zimayendera m'chuma chotere. Koma ntchito ndi yochuluka, anthu ndi ochepa. Nthawi ya a Chipeta kunalibe ndalama za pafoni, kunalibe banki mkhonde mmene tikuidziwira lero.

Wa ku Banki, Nchalo: Ndilankhuleko monga wogwira ntchito kubanki. Bwanji osachita zonse ziwiri? Alowe ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, athandize ang'ono ake, aone mmene ngongole imavomerezedwera ndi kukanidwira, aone fomu ya chikole ndi maso. Akadzapita kusukulu adzakhala akudziwa chimene akufufuza. Ena amene amalemba za mabanki sanakhalepo kuseri kwa kauntala tsiku la malipiro netiweki itagwa, mzere utafika panja padzuwa la Nchalo.

Mwana wa ku Muona: Maganizo abwino, ndipo ena anadutsa njira imeneyo. Koma ndaona ambiri akulowa ndi mawu akuti zaka ziwiri zokha. Chaka choyamba ngongole ya galimoto, chachiwiri ukwati, chachitatu poloti ku Chileka. Masamu nawonso amathawa m'mutu, ndipo PhD ya zachuma masiku ano ndi masamu okhaokha chaka choyamba. Aphunzitsi amene akumufuna lero pakapita zaka zisanu adzakhala ndi ana ena owalembera makalata.

Wa ku Banki, Nchalo: Ngongole ya galimotoyo mwandilasa nayo dala achimwene.

Mphunzitsi Wopuma, Chiromo: Ndiwonjezere za anthu akuda anzathu, chifukwa mwana angaganize kuti ntchitoyi ndi ya azungu. Benno Ndulu wa ku Tanzania anali mphunzitsi payunivesite ya Dar es Salaam, anathandiza kukhazikitsa bungwe la ku Nairobi lija, ndipo anakhala gavanala wa banki yaikulu ya kwawo kuyambira 2008 mpaka 2018. Charles Soludo wa ku Nigeria anali pulofesa ku Nsukka, atakhala gavanala mu 2004 anakakamiza mabanki ofooka kuphatikizana, anachoka pa 89 kutsala 25. Ndipo wathu Thandika Mkandawire, amene anakhala zaka zambiri osaloledwa kubwera kwawo nthawi ya Kamuzu, anafika pokhala pulofesa ku London School of Economics, anamwalira 2020 ku Stockholm. Iyeyo sanakhalepo gavanala, koma moyo wake wonse ankatsutsa ndi umboni ndondomeko zimene IMF ndi World Bank zinkatipatsa m'ma 1980 ndi 1990. Alamu a ku Joni mukuti akatswiri sanatithandize. Ine ndimati kangati anawamvera? Wofufuza amalemba, wandale amayang'ana chisankho.

Mlamu wa ku Joni: Ndiye mwandithandiza aphunzitsi. Ngati samveredwa, mwana avutikirenji zaka zonsezo? Ndiponso taonani mayina mwatchulawo: wina Stockholm, wina KwaZulu-Natal, achimwene athu a ku Muona nawonso akutilembera ali kunja. Tikuphunzitsira mayiko ena.

Mwana wa ku Muona: Pamenepo mwandigwira pakhosi alamu, ndilibe yankho lokoma. Malipiro, mabuku, ndalama za kafukufuku, zonse zimakokera kunja. Chokhacho ndinganene, manambala a kwathu ndimawagwiritsabe ntchito, ndipo ana a kwathu ndimawayang'anira mapepala awo usiku.

Adimini: Tamva akulu. Mwini nkhani sanayankhule. Nyamasamu, bwalo ndi lako.

Nyamasamu: Zikomo a adimini, zikomo makolo nonse. Atsibweni, ng'ombe zanu sindinaziiwale ndipo sindidzaziiwala. Ndinene chimene chikundikoka. Chaka chachinayi tinkaphunzira za mmene ndalama zimayendera m'dziko, zitsanzo zonse za ku America ndi ku Ulaya. Ine m'mutu munali kwathu. Madzi akadula msewu, mabungwe amatumiza thandizo la ndalama pafoni. Anthu mazanamazana amalandira uthenga tsiku limodzi, onse kwa ejenti mmodzi pa Bangula, ejenti ndalama zamuthera pofika 10 koloko, kokatenga zina kulibe njira. Wina amayamba kugula ndalama za pafonizo motsika, K10,000 ya pafoni akupatse K8,000 ya m'manja. Pamsika ufa ndi womwe uja, wabwera pabwato, mtengo wakwera kawiri. Ndiye thandizo lija lafika lonse kwa mwini wake kapena latsalira m'njira? Ku Marka anthu kwacha ikamagwa amasunga metikali, ena amasunga mbuzi. Shuga wolimidwa pa Nchalo pompa anasowa m'magolosale mu 2024 pomwe kutsidya kwa malire ankapezeka. Zonsezi ndi nkhani za ndalama, ndipo Monetary Policy Committee, komiti ya Reserve Bank yoika chiwongoladzanja, ikamakumana ku Lilongwe miyezi itatu iliyonse, manambala a zinthu zoterezi sakhala patebulo, chifukwa palibe amene anawatolera.

Sindikulonjeza kuti ndidzakhala gavanala. Mwina ndidzangokhala mphunzitsi wolemba mapepala owerengedwa ndi anthu makumi awiri. Pempho langa ndi ili: mundilole ndiyese sikolashipu chaka chino. Kudipatimenti andiuza kuti ndikhoza kumathandiza kuchonga ndi kuphunzitsa timagulu ta chaka choyamba, kandalama kake n'kochepa koma fizi ya mng'ono wanga mmodzi ndidzaisenza ine. Ng'ombe ina isagulitsidwenso chifukwa cha ine. Sikolashipu ikakanika, ndidzafuna ntchito popanda kulimbana nanu.

Mlamu wa ku Joni: Ntchito ya kubankiyo sidzakudikira mwana iwe. Anzako a digiri ali mbwee m'tauni akugulitsa mayunitsi.

Nyamasamu: Ndikudziwa alamu. N'chifukwa chake sindikugona.

Tsibweni wa pa Ngabu: Achimwene a ku Muona, ndiuzeni zaka zenizeni, osandinyengerera.

Mwana wa ku Muona: Masters ziwiri. PhD zinayi, mwina zisanu, ku America zimafika zisanu ndi chimodzi. Zonse zikayenda bwino adzayamba kulandira malipiro ooneka atadutsa zaka 30 zakubadwa. Pakati pamenepo sikolashipu imamudyetsa iye, kutumiza kumudzi kumakhala kwa apo ndi apo.

Tsibweni wa pa Ngabu: Mmm. N'zambiri. Mbumba ndi yanga koma mwana ali ndi mayi ake, ndipo iwo ndi amene akhala akusenza madzi ndi kugulitsa masamba kuti sopo apezeke. Ndikakhala nawo pansi Loweruka, ndikawawerengera zonse mwalembazi, za alamu a ku Joni zomwe, osadumpha. Chimene chandilowa ndi nkhani ya Make Tadala. Ineyo pamsika ndimapereka ng'ombe pangongole kwa mabutchala amene ndawadziwa zaka, popanda pepala. Nditafa lero, ana anga sadziwa kuti uyu ndi wobweza, uyu ayi. Sindinkadziwa kuti zimenezo anthu amalandirira mphoto.

Wa Kabaza pa Marka: Atsibweni lembani pepala, Nobel ibwere pa Ngabu, tidzakunyamulani pakabaza ulere mpaka pa Chileka.

Nyamasamu: Amayi a Tadala, kaya atsibweni avomera kaya akana, ndili ndi pempho. Mabuku akale a gulu lanu alipo? Ngakhale lonyowalo. Ndikufuna kuona mmene masheya ndi ngongole zinkayendera mwezi ndi mwezi madzi asanabwere, komanso 2019 nthawi ya Idai ndi 2022 nthawi ya Ana, ngati gulu linalipo. Mayina a anthu sindidzalemba.

Make Tadala, Bangula: A 2019 mpaka 2022 ali kwa ine m'sutikesi, ndi abwinobwino. Lonyowalo lili kwa mlembi, anasamukira ku Phokera, koma ndili ndi nambala yake. Sindingakupatse ndekha mwanawe, mabukuwo ndi a gulu ngakhale gulu linatha. Ndiyambe ndafunsa amene anali wapampando ndi amayi angapo amene ndikuwapezabe. Akavomera udzabwere Lachinayi, ndi tsiku limene sindipita kudimba. Udzajambule pafoni pompano, kunyumba sachoka. Ndipo magulu oyandikana nafe amene sanafe alipo awiri, amenewo anali ndi thumba lapadera la ngozi limene sankalikongoza. Ukawafunsenso iwowo.

Mwana wa ku Muona: Nyamasamu, awiri amene sanafewo usawasiye. Ufunse kuti thumbalo linali gawo lanji la ndalama zonse, ndani ankaloledwa kutapamo, ndipo linatha tsiku lachingati. Ukapeza magulu khumi kapena makumi awiri otere kuyambira Makhanga mpaka Nyachikadza, akufa ndi opulumuka, unditumizire, tidzaone limodzi mmene ungalembere pempho la sikolashipu.

Wa Kabaza pa Marka: Akafuna za metikali abwere kuno ndimuperekeze kwa anyamata a pansi pa mtengo. Koma asabwere ndi kope m'manja, angathawe onse kuyesa ndi wa boma.